Mmene mungapezere kafukufuku wa za Mangochi ndi kumuwerenga osalipira

Ku Mangochi kuno kwachitika kafukufuku wochuluka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amayi oyembekezera zikwizikwi a m'boma lino analowa mu Mangochi Malaria Research Project, yomwe inkafufuza za malungo pa nthawi ya pakati. Ku Lungwena ndi ku Malindi, akatswiri a College of Medicine (yomwe tsopano ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS) pamodzi ndi anzawo a yunivesite ya Tampere ya ku Finland akhala akuyeza ana msinkhu ndi sikelo kwa zaka zambiri pofufuza za kunyentchera. Kafukufuku wa MORDOR, wopatsa ana mankhwala a azithromycin kuti aone ngati imfa zingachepe, anachitikira ku Niger, ku Tanzania ndi kuno ku Mangochi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Za nsomba ndiye osanena: ku Monkey Bay kuli malo a boma ofufuzira za m'nyanja, ndipo za kutha kwa chambo mu Malombe zalembedwa kambirimbiri.

Koma namwino wa pa chipatala chaching'ono, wophunzira wa pa koleji ya za nsomba ku Mpwepwe, kapena mphunzitsi wa sekondale ku Namwera akafuna kuwerenga zomwe anapezazo, nthawi zambiri amafika pa tsamba lomuonetsa chidule chokha, pansi pake atalemba kuti alipire madola 30 kapena 40 pa pepala limodzi. Ambiri amatseka foni pomwepo. Zimandipweteka, chifukwa magazi amene anayezedwa anali a ana athu, ndipo amene anayankha mafunso anali amayi a m'midzi yathu. Komabe mapepala ambiri otere ali ndi khomo lina lolowera, lovomerezeka ndi lamulo, losalipiritsa. Nazi njira zake monga momwe ine ndimazitsatira.

Gawo loyamba: konzani mawu osakira musanayatse data

Tengani pepala ndi cholembera. Pafupifupi kafukufuku yense walembedwa m'Chingerezi, ndipo akatswiri amakonda mayina a sayansi, choncho mukalemba "likodzo" kapena "usipa" mupeza zochepa. Likodzo lisakeni ngati schistosomiasis. Chambo chisakeni ngati Oreochromis, ndipo mukafuna mtundu weniweni onjezani karongae, lidole kapena squamipinnis. Usipa ndi Engraulicypris sardella, kampango ndi Bagrus meridionalis, mpasa ndi Opsaridium microlepis. Pambali pa mawu amenewa lembani mayina a malo: Mangochi, Lungwena, Makanjira, Nankumba, Cape Maclear, Lake Malombe, Upper Shire. Ngati mukufuna zakale, kumbukirani kuti Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, nyanja ankailemba Lake Nyasa, dziko Nyasaland. Malipoti a m'nthawi ya atsamunda simungawapeze ndi mayina a lero.

Mphindi khumi zomwe mwathera pa pepalapo zikupulumutsirani bandulo yambiri.

Gawo lachiwiri: yambani ndi Google Scholar

Si Google wamba uja ayi. Lembani scholar.google.com. Tsambali ndi lopepuka, limatseguka ngakhale netiweki ikuvuta. M'bokosi losakira ikani mawu awiri kapena atatu okha, monga Mangochi schistosomiasis children. Mawu oyendera limodzi atsekereni m'mitengero, chonchi: "Lake Malombe" chambo. Mukatero, makina sakubweretserani nyanja zonse za padziko.

Zotsatira zikabwera musathamangire kudina mutu wa pepala, chifukwa nthawi zambiri umakufikitsani kwa wosindikiza amene akufuna ndalama. Yang'anani kaye kumbali kwa mutuwo. Pakakhala mawu akuti PDF kapena HTML, dinani pamenepo, pepala lonse litseguka. Pakapanda, yang'anani pansi pa chidule pomwe palembedwa kuti All versions. Pepala limodzi limatha kupezeka malo asanu kapena khumi: kwa wosindikiza, m'nkhokwe ya yunivesite ya wolemba, pa tsamba la bungwe lomwe linapereka ndalama. Mwa malo onsewo kawirikawiri pamakhala amodzi otsegula. Anthu ambiri sadziwa kabatani kameneka, ndipo ine ndimakaona ngati kofunika kuposa kena kalikonse pa tsambalo.

Pafupi pomwepo pali Cited by, pomwe mumaona mapepala atsopano omwe anatchula pepala mukuwerengalo. Mukapeza lipoti labwino la 1995 lonena za Malombe, dinani pamenepo kuti muone amene anapitiriza nkhaniyo m'zaka zotsatira. Ndipo ngati muli ndi adiresi ya Gmail, dinani Create alert pa mawu akuti Mangochi, kuti pepala latsopano lotchula boma lino likangotuluka muzilandira uthenga.

Gawo lachitatu: pitani komwe mapepala otsegula amasungidwa

Apa ndikhalitsa pang'ono, chifukwa ntchito iliyonse ili ndi nkhokwe yake.

A zaumoyo, kwanu ndi PubMed, ya laibulale ya za mankhwala ya boma la America. Mukasaka, sankhani sefa yolembedwa Free full text, kuti mutsale ndi okhawo omwe mungawawerenge onse. Ambiri mwa amenewa amakhala mu PubMed Central, nkhokwe yomwe inayamba mu 2000. Chifukwa choti mabungwe ngati Wellcome Trust ndi Gates Foundation amalamula kuti kafukufuku yemwe alipirira akhale wotsegula, mbali yaikulu ya kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa zaka zaposachedwa ili mmenemo. Malawi Medical Journal, magazini yathu yomwe imachokera ku Blantyre, imawerengedwa kwaulere ndipo nayonso ili mu PubMed Central.

Yeserani ndi chitsanzo ichi. Kwa nthawi yaitali likodzo lodziwika m'mbali mwa nyanja kuno linali lija la kukodza magazi. Mu 2017 ndi 2018 akatswiri anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria pfeifferi m'madzi a ku Mangochi, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo anapezanso matendawa mwa ana a sukulu. Nkhaniyi inatuluka mu 2019 mu Emerging Infectious Diseases, magazini ya CDC, bungwe la zaumoyo la boma la America, yomwe silipiritsa wowerenga. Lembani Biomphalaria Lake Malawi mu PubMed, muipeza. Wogwira ntchito mu labu amene wawerenga zimenezi adziwa kuti kufufuza mazira a likodzo mu mkodzo wokha sikukwanira, chifukwa mazira a likodzo la m'matumbo amaonekera m'chimbudzi. Kusiyana kwa kuwerenga ndi kusawerenga kumafika mpaka pa mwana wodwala.

A za nsomba ndi ulimi, zambiri zanu sizinatuluke m'magazini konse. Zili m'malipoti a FAO ndi a WorldFish, omwe mabungwewa amawaika pa masamba awo kwaulere. Mbiri ya makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, omwe anayambira ku Malombe mu 1993, muipeza kwambiri m'malipoti otere. Palinso AquaDocs, nkhokwe ya zolemba za m'madzi zokhazokha.

Pa nkhani ina iliyonse, maphunziro, chipembedzo, malamulo, chilankhulo, yesani African Journals Online, yomwe ambiri amangoti AJOL. Inayamba mu 1998, ili ku South Africa, ndipo imasonkhanitsa magazini mazanamazana a muno mu Africa. Si onse otsegula, koma ambiri ndi otero. DOAJ, yomwe inayambira ku yunivesite ya Lund ku Sweden mu 2003, ndi kaundula wa magazini otsegula okhaokha omwe anaunikidwa kaye asanalembedwemo. CORE imasaka m'nkhokwe za mayunivesite padziko lonse, ndipo ndi yabwino pofuna zolemba za madigiri a Masters ndi PhD. Amalawi ambiri anakaphunzira kunja nalemba za kwathu konkuno, ndipo zolemba zawozo zimakhala ndi tsatanetsatane yemwe pepala la masamba khumi silingamukwanitse.

Gawo lachinayi: gwiritsani ntchito DOI

Pafupifupi pepala lililonse la masiku ano lili ndi nambala yake yoyamba ndi 10, kenako mpumiro, kenako manambala ndi zilembo zina. Imeneyo ndiye DOI. Ikopereni ndi kuisunga, chifukwa linki ikhoza kufa koma DOI sisintha. Ngati muli ndi laputopu, ikani kapulogalamu kaulere ka Unpaywall mu Chrome kapena Firefox. Mukafika pa tsamba lofuna ndalama, kumbali kumaoneka kachizindikiro ka loko. Kakakhala kobiriwira, dinani, kakufikitsani ku kope lovomerezeka laulere. Kakakhala kotuwa, ndiye kuti sikanapeze kanthu, pitani ku gawo lotsatira.

Gawo lachisanu: funsani woyang'anira laibulale za Research4Life

Iyi ndi njira yomwe imangogona osagwiritsidwa ntchito. Research4Life ndi mgwirizano wa mabungwe a United Nations ndi makampani osindikiza, wopatsa mayiko osauka mwayi wowerenga magazini omwe ena amalipira. Inayamba ndi Hinari ya zaumoyo mu 2002 pansi pa WHO, kenako AGORA ya zaulimi mu 2003 pansi pa FAO, OARE ya zachilengedwe mu 2006, ARDI ya luso ndi sayansi, ndi GOALI ya zamalamulo. Malawi ali m'gulu A, gulu losalipira kalikonse.

Munthu payekha salembetsa. Limalembetsa ndi bungwe: yunivesite, koleji, chipatala, ofesi ya boma, malo a alangizi a zaulimi, kapena bungwe la m'dziko momwemo lomwe si la boma. Choncho ngati muli pa kampasi ya KUHeS ya ku Mangochi, pa koleji ya ku Mpwepwe, pa yunivesite ya DMI St John the Baptist kapena pa chipatala, pitani kwa woyang'anira laibulale kapena kwa akuluakulu a pamalopo mukafunse ngati bungwe lanu linalembetsa. Ngati linalembetsa, akupatsani dzina lolowera ndi pasiwedi. Ngati silinalembetse, fomu yake ili pa tsamba la Research4Life ndipo siivuta kudzaza. Chimene chimafunika ndi munthu mmodzi woti aikankhe nkhaniyo mpaka itheke. Pasiwedi imeneyi musaimwaze m'magulu a WhatsApp, chifukwa ikagwiritsidwa ntchito molakwika, bungwe lonse likhoza kutsekeredwa.

Funsaninso za MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi womwe unakhazikitsidwa mu 2003, umene umagulira pamodzi mwayi wowerenga magazini ena. Oyang'anira malaibulale ndi anthu ophunzira ntchito imeneyi, ndipo ambiri amakondwa wina akabwera ndi funso lotere m'malo mongofuna mpando ndi soketi yotchajira foni.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lemberani mwini wake

Zonse zikakanika, pa tsamba la pepalalo pamakhala imelo ya mmodzi wa olemba. Mulembereni. Musachite manyazi kapena kuganiza kuti a Pulofesa alibe nthawi ya munthu wa ku Chimwala kapena ku Katuli. Olemba salandira ndalama iliyonse pa madola 40 aja, ndipo chimene amafuna ndi choti ntchito yawo iwerengedwe. Mizere inayi ikwanira: dzina lanu ndi ntchito yanu, komwe muli, mutu wa pepalalo ndi chaka chake, ndi chifukwa chomwe mukulifunira. Tchulani kuti muli ku Mangochi, makamaka ngati kafukufukuyo anachitikira kuno. Sabata ikatha osayankhidwa, yesani wolemba wachiwiri, kapena Mmalawi amene ali pa mndandandawo.

Pali masamba ena omwe amagawa mapepala mozembera malamulo a umwini, ndipo wina adzakuuzani za iwo. Ndimamvetsa chimene chimakankhira anthu kumeneko, koma sindikulangizani kutero, makamaka pa kompyuta ya kuntchito. Njira zomwe tatchulazi zimakwanira pa mapepala ambiri.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: onetsetsani chimene mwatola

Kupeza PDF si mapeto a ntchito. Onani kaye ngati pepalalo linaunikidwa ndi akatswiri ena lisanatuluke. Pali zolemba zotchedwa preprint, za pa medRxiv, bioRxiv kapena AfricArXiv, zomwe wolemba amaziika poyera zisanaunikidwe. Ndi zothandiza podziwa zomwe zikubwera, koma musasinthe kaperekedwe ka mankhwala chifukwa cha preprint. Pamwamba pake amalemba poyera kuti sizinaunikidwe.

Palinso kope lomwe wolemba anatumiza magazini italivomera, losakongoletsedwa, looneka ngati lotayipidwa pa Word. Limeneli ndi labwinobwino, mawu ake ndi omwewo, kungoti manambala a masamba amasiyana.

Chenjerani ndi magazini achinyengo omwe amasindikiza chilichonse bola wolemba alipire. Dzina la magazini lifufuzeni mu DOAJ, mu AJOL kapena mu PubMed. Likasowa monsemo, ndipo tsamba lake likulonjeza kusindikiza m'masiku atatu, likayikireni. Onaninso ngati pa pepalapo sanadindepo mawu akuti Retracted, kutanthauza kuti linachotsedwa litapezeka ndi zolakwika zazikulu kapena bodza.

Powerenga, musayambe pa tsamba loyamba n'kumalimbana ndi mawu alionse. Werengani chidule, kenako pitani pomwe afotokoza kumene kafukufuku anachitikira, liti, ndi anthu angati. Zimene anapeza mwa ana 60 a pa sukulu imodzi ya m'mbali mwa nyanja sizinena za ana onse a kumapiri a Namwera. Kenako onani matebulo, ndipo pomaliza werengani pomwe olemba okha avomereza zofooka za ntchito yawo.

Gawo lachisanu ndi chitatu: sungani bwino

Dawunilodani usiku kapena pomwe mwapeza Wi-Fi, muwerenge pambuyo pake data itazimitsidwa. Fayilo iliyonse ipatseni dzina lomveka, la wolemba, chaka ndi mutu, ndipo ikani kope pa fulashi. A laputopu, pulogalamu yaulere ya Zotero imakusungirani zonsezi mwadongosolo. Pepala likakhala ndi chizindikiro cha CC BY, muli ndi ufulu wolisindikiza, kuligawa, ngakhale kulimasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao, bola mutchule amene analemba.

Gawo lachisanu ndi chinayi: ngati wolemba ndinu

Ophunzira ndi ogwira ntchito ambiri kuno akuchita kafukufuku wawo, ndiye nkhaniyi ikuwakhudza mbali zonse ziwiri. Pamene akatswiri anakumana ku Budapest n'kutulutsa chikalata chawo mu 2002, cholinga chinali choti aliyense wokhala ndi intaneti aziwerenga kafukufuku mosalipira. Zinayenda ndithu, koma makampani akuluakulu monga Elsevier, Springer Nature ndi Wiley anapeza njira ina: m'malo molipiritsa wowerenga, alipiritse wolemba. Mu 2021 magazini ya Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 kuti pepala limodzi likhale lotsegula. Kwa ife zili ngati achotsa loko pa khomo lakumaso n'kukamuika pa khomo lakuseri: kuwerenga tikuwerenga, koma kuti mawu athu alowemo n'kovuta. Nkhaniyi sinathe. Mu 2021 mayiko a mu UNESCO anagwirizana mfundo zolimbikitsa sayansi yotsegula, ndipo kuyambira mu 2025 Gates Foundation inasiya kulipira ndalama zosindikizira zotere, n'kulamula kuti omwe imawathandiza aziika ntchito yawo poyera ngati preprint. Ine ndikuona kuti tsogolo lotikomera lili m'magazini omwe salipiritsa wowerenga ngakhalenso wolemba, oyendetsedwa ndi mayunivesite ndi mabungwe a akatswiri, ndipo oposa theka la magazini a mu DOAJ ndi otero kale. Amafunika kuti boma ndi mayunivesite athu aziwaikira ndalama, chifukwa akonzi ake ambiri amagwira ntchitoyi modzipereka, pambuyo pa ntchito zawo zina.

Pakali pano chitani izi. Musanatumize pepala, lowani mu DOAJ musankhe sefa yoonetsa magazini osalipiritsa wolemba. Ngati magazini yomwe mwaifuna imalipiritsa, werengani tsamba lake la zochotsera mtengo, chifukwa osindikiza ambiri amakhululukira olemba a m'mayiko a gulu A. Pemphani zimenezi pa nthawi yotumiza pepala, osati litavomerezedwa kale, ndipo kawirikawiri amayang'ana dziko la wolemba amene akulemberana nawo makalata. Choncho pa ntchito yochitira limodzi ndi anzathu akunja, kambiranani msanga za amene atenge udindo umenewu. Dutsani pa mafunso a pa tsamba la Think. Check. Submit. kuti musagwe m'manja mwa achinyengo aja, omwe amakonda kutumiza maimelo okutamandani kwambiri. Tsegulani nambala ya ORCID, ndi yaulere, kuti ntchito yanu isasokonezeke ndi ya a Phiri kapena a Banda ena. Pepala likatuluka m'magazini yotseka, funsani ngati amalola kuika kope lanu lija losakongoletsa m'nkhokwe ya yunivesite yanu kapena pa Zenodo, yomwe imayendetsedwa ndi CERN ndipo silipiritsa. Ambiri amalola, ena pakapita miyezi ingapo.

Chotsala n'chakuti agogo a ku Chembe amene anakulolani kuyeza adzukulu awo sadzatsegula PubMed. Lembani tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao lofotokoza zomwe munafufuza, zomwe munapeza ndi zomwe anthu angachite. Kope lina siyani kwa a mfumu, lina ku komiti ya chitukuko ya m'dera, lina kwa alangizi a zaumoyo kapena ku BVC ya pa doko lomwe munagwirapo ntchito, ndipo pemphani mphindi zochepa pa msonkhano wawo wotsatira kuti mulifotokoze pakamwa. Ndalama ya ulendo umenewu ilembeni mu bajeti ya kafukufuku pachiyambi pomwe, chifukwa ikasiyidwa kumapeto imapezeka itatha.